Madzi amene Njiri anameza

Padangokhala! Amene wayankha kuti tili tonse asendere kuno. Amene sanayankhe angokhala chete choncho mpaka ndimalize, chifukwa nkhani iyi sindinachite kuimva kwa munthu. Ndinaiona ndi maso angawa, maso oona nsabwe pamsana pa khwangwala ali m'mwamba. Ine Kamtedza, amene ndinayetsemulapo ku Dedza mvula n'kugwa ku Nsanje, ndinganame bwanji?

Kalekale nyama zinamanga mzinda wawo kumtunda kwa mtsinje, mzinda weniweni, wa misewu, msika ndi zimbudzi zogejemula. Meya wake anali Nyalugwe, bwana waukhondo wodzinyambita mpaka kuseri kwa makutu. Koma matenda ake anali amodzi: kukonda dzina lake. Msika unali wa Nyalugwe, mlatho wa Nyalugwe, ngakhale kachulu ka kuseri kwa ndende anakatcha Phiri la Nyalugwe.

Tsono mudziwa, mzinda ukamadya umatulutsanso. Za Njovu zokha sindinena, pali ana pano. Zonyansa zonsezo zinkatsika m'mipope kupita ku madamu atatu kunja kwa mzinda. M'damu loyamba madzi ankagona, zolemera n'kumira pansi. M'lachiwiri dzuwa ndi ndere zinkadya zotsalazo. M'lachitatu ankasefedwa m'bango, kenako n'kulowa mumtsinje ali mbee, oti n'kusambitsira khanda.

Kapitawo wa madamuwo anali Njiri. Tsiku lina Njiri anaona matimati atamera okha pamatope a m'mphepete mwa damu loyamba, timati lililonse ngati mutu wangawu. Anaima, n'kuganiza ndi mimba. Ngati m'mphepete mukubereka chonchi, nanga damu lonse litauma? Basi anakumba ngalande yobisika yolambalala madamu onse, n'kuifotsera ndi miyala ndi udzu, pakamwa pake n'kuikapo thabwa. Akazula thabwalo, zonyansa zinkangothamangira kumtsinje zosagonako pena paliponse. Damu loyamba ndi lachiwiri zinauma, iye n'kuzitchingira mpanda n'kulima dimba. Lachitatu analisiya ndi madzi a mvula, loonetsa alendo.

Kumunsi, padooko, ankakhala mai Nkhanu. Inu mudziwa kuti nkhanu isunga ana m'kathumba ka kunsi kwa mimba. Chaka chimenecho anali nawo ambiri zedi, oti ndinayesa kuwawerenga ndevu zanga n'kuchita imvi ndisanafike pakati. Anawo anali atakhwima, akugogoda kuti atuluke. Koma madzi anali atada bii, matope apansi akununkha, fungo loti ntchentche zinkauluka zitagwira mphuno.

M'mawa wina Chule, woyandikana naye, anabwera maso ali psuu.

"Achemwali, musawatulutse anawo."

"Bwanji, achimwene?"

"Mbululu zanga zonse zayandama chagada. Zonse. Palibe yotsala yoti idzandiitane kuti bambo."

Nkhanu anagwira pamimba, n'kumva timiyendo tikukanda. Pamenepo ndi pamene anayamba nyimbo yake ija. Inali nyimbo yowanyengerera anawo kuti agone kaye, kunja sikunache, mai akupita kukasesa pabwalo. Iye ankatsogolera ndi mawu aang'ono onjenjemera, Chule n'kumavomera ndi liwu lakuya ngati mtondo ukusinjidwa kutali. Anawo akaimva ankakhala bata, koma kwa kanthawi chabe.

Nkhanu anakwera mtunda ulendo wa kwa Meya.

"Odi, bwana Meya."

"Ndani akulankhula? Sindikuona munthu."

"Pansi pano, bwana, pafupi ndi phazi lanu. Ndine Nkhanu wa kudooko. Madzi akutipha kumunsi. Akuchokera ku madamu anu."

"Anga? Kapitawo! Tabwera udzamve."

Njiri anabwera akupukuta dothi kukamwa. "Bwana, mawu ndi mphepo. Tiyeni mukaone nokha."

Anawadzeretsa njira yozungulira, kutali ndi mpanda uja. "Uko kuli kafungo, bwana, si koyenera mphuno ngati yanu." Atafika padamu lachitatu, Njiri anaviika mlomo n'kumwa mpaka kugeya. Nyalugwe anasuzumira, n'kuona nkhope yake m'madzimo, ndevu zonse zili m'malo.

"Mai inu, madzi oonetsa nkhope yanga bwino chonchi angaphe mwana? Pitani kwanu."

Anapita akuseka. Koma Nkhanu anatsalira. Anaona kuti potulukira madzi a damulo panali pouma, kangaude atamangapo nyumba. Pansi pa miyendo yake isanu ndi itatu nthaka inkalira kuti gudu gudu. Analowa pakabowo ka mpanda, n'kupeza matimati ali psuu damu lonse, mpiru masamba ngati makutu a njovu. Anatsata kulirako mpaka anaona thabwa lozulidwa lili pambali pa ngalande.

Pobwerera ana anayambanso kugogoda, kwambiri kuposa kale. Anaimba njira yonse.

Ulendo wachiwiri anatenga chikho cha madzi a padooko n'kuchiika pamaso pa Meya. Nyalugwe analumpha n'kukakhala padenga. Ndikunena padenga, ndinamuona ndi ine.

"Chotsani! Chotsani chimenecho!"

"Ndi madzi amene tikumwa, bwana. Kuseri kwa mpanda kuli ngalande, ndipo m'madamu mwanu muli dimba."

Njiri anapukusa mutu mwachisoni. "Bwana, anthu a kumunsiwa alibe zimbudzi. Amadzithandiza m'madzi momwemo, mawa n'kubwera kudzaloza chala mzinda wanu. Kadimba akunenako ndi kaja ndimathyolamo matimati a patebulo panu."

"Matimati okoma aja? Kapitawo wanga ndi wolimbikira, iwe n'kumamudetsa! Tamvera, mai. Ukadzabweranso ndi dandaulo, ndidzakupereka kwa Katumbu wapolisi."

Katumbu, mudziwa, nkhanu ndiye ndiwo yake. Anali ataima pakhomo, akunyambita milomo.

Nkhanu anabwerera padooko. Kamwana kamodzi kanali katatulutsa kale mwendo. Anakabweza ndi chopanira chake, n'kuyamba nyimbo, koma mawu ankaduka, ndipo anawo sankamveranso msanga.

"Achemwali, thawani," anatero Chule. "Kasakeni mtsinje wina."

"Ndi katundu ameneyu? Andithera m'njira padzuwa. Achimwene, Meya uja samva kulira kwa munthu. Koma dzina lake amalimva ngakhale ali m'tulo."

"Mukabwererako Katumbu akudyani."

"Anati ndikabwera ndi dandaulo. Ine ndipita ndi ulemu."

Ulendo wachitatu analowa pabwalo la Meya akuvina. Katumbu anatambasula dzanja, koma Nkhanu anafuula asanamugwire.

"Bwana Meya, ndabwera kudzapepesa! Madzi ndi abwino, mphuno yanga ndiyo inali yodwala. Ndipo ndili ndi pempho. Ana anga akutuluka m'chikuta, ndipo onse ndikufuna atchedwe dzina lanu."

Makutu a Nyalugwe anaima. "Onse? Alipo angati?"

"Owerengeka, bwana. Koma adzabalalika mtsinje wonse mpaka kunyanja, ndipo aliyense wowafunsa dzina adzamva la inu. Msika sumayenda, bwana. Mlatho sumabereka. Koma awa adzaberekana."

"Katumbu, bweza dzanjalo! Mai, mwambo wake ndi wotani?"

"Mwini dzina amabwera padooko m'mawa. Timaimba. Iye amavumata madzi a mumtsinje, n'kumuwaza nawo mwana pamutu, n'kutchula dzina. Mwana mmodzi patsiku, kuti maina asasokonekere."

"Madzi a padooko?" anafunsa Njiri.

"Omwe aja mumatitumizira, a Kapitawo. Oyera aja."

"Mwezi ukangooneka tiyamba," anatero Meya.

Njiri anathamanga osayang'ana m'mbuyo. Bwana avumate zimene zija? Khungu lake likhala ng'oma! Anabwezera thabwa pangalande n'kulitsendera ndi mwala. Tsono zonyansa zipite kuti? Zinalowa m'damu loyamba, njira yake yakale, n'kuyamba kukwera m'mizere ya matimati. Njiri anaima pampanda akulira ngati wafedwa.

Kumunsi madzi anayamba kuyera. Mwezi utaoneka, Meya anafika ndi ng'oma ndi mbendera. Nyimbo inaimbidwa, Nkhanu anatulutsa kamwana kamodzi, Nyalugwe anavumata, anawaza.

"Uyu ndi Nyalugwe Wamng'ono!"

Nthungululu. Nkhanu anakabweza kamwanako m'thumba.

"Bwanji mukukabweza, mai?"

"Mwambo, bwana. Amatuluka onse pamodzi, womaliza akalandira dzina."

Zoona zake zinali zakuti madzi apamwamba anayera, koma matope apansi, momwe tiana ta nkhanu timakhala, anali akadali akuda. Chule ankamira tsiku lililonse kukanunkhiza, n'kuvuuka akupukusa mutu. Sanayere, achemwali. Pirirani.

M'mawa mwake Meya anabweranso. Nyalugwe Wokongola. Tsiku linalo, Nyalugwe Womanga Milatho. Linalo, Nyalugwe Mwini Phiri. Njiri ankadikira kuti bwana atope, koma munthu atopa ndi dzina lake? Damu loyamba linadzaza, madzi n'kusefukira m'lachiwiri, mpiru n'kuyamba kufota. Nkhanu nayenso ankafota. Sankadya, sankagona, chopanira chimodzi chili chotseka pathumba. Msana unkachita ngati ung'ambika.

Tsiku lina madzulo Njiri anatsikira padooko yekha.

"Iwe kamai, nzeru zako ndaziona. Ana akowo satha, eti?"

"Ndi mphatso ya Chauta, a Kapitawo."

"Mphatso! Mawa bwana akupita kumsonkhano wa mameya, kutali, ndipo akakhalitsa. Tambala akangolira ndizula thabwa, ndipulumutse mpiru wanga wotsala. Zonse zadzaza m'damu zija zibwera kuno tsiku limodzi. Uziimbire bwino nyimbo yako."

Anapita. Chule anatembenukira kwa Nkhanu.

"Achemwali, tatha. Matope anatsala pang'ono kuyera."

"Ndipo ana sindingawagwirenso nthawi yaitali. Taonani." Tiwiri tinali titalendewera kunja. Anatikankhira mkati. "Msewu wa ulendo wa a Meya udzera pamlatho wathu uno. Inu mawa mukakhale kumtunda, pokhota mtsinje. Mukaona madzi akuda akubwera, mulire kolimba."

Kutacha gulu la Meya linatulukira: Katumbu patsogolo, Nyalugwe pakati, Njiri pambuyo atasenza katundu wa bwana, akumwetulira, matope a pathabwa akadali kumapazi. Nkhanu anadzigoneka pakati pa msewu.

"Bwana, mwatitaya!"

"Ndibwera, mai. Tidzapitiriza."

"Mwambo ukadukiza tsiku limodzi, bwana, maina onse amagwa. Ana amatenga dzina la aliyense woyamba kudutsa padooko. Ndipo masiku ano amalawirira pano ndi a Fisi."

Ubweya wa Nyalugwe unaima. Fisi ndiye ankalimbirana naye mpando.

"Mtsinje wonse Fisi? Fisi mpaka kunyanja? Ulendo ndausiya!"

"Musausiye, bwana. Mwambo umalola kusiya wokuimirirani, munthu amene mumamukhulupirira koposa onse."

Meya anatembenuka. "Kapitawo! Tula katunduyo. Kuyambira lero m'mawa uliwonse uzivumata m'malo mwanga. Yamba pompano ndione."

Kumwetulira kwa Njiri kunagwa pansi, ndinakumva kugwa kwake. Anayang'ana mtsinje. Madzi anali akadali oyera, zakumtunda zinali zisanafike.

"Chabwino, bwana. Tiyeni msangamsanga, dzuwa lingakupwetekeni panjira. Mai, bweretsa mwana!"

"Nyimbo kaye, a Kapitawo."

Anayamba nyimbo ija. Koma tsiku limenelo inatalika. Anaimba za agogo a anawo, za azakhali awo, za mwala uliwonse umene anabadwirapo. Wovomera panalibe, poti Chule anali kumtunda, ndiye ankatsogolera yekha n'kudzivomera yekha, mawu akuphwa, khutu lili kumtunda. M'thumba ana ankakankha onse pamodzi. Kamodzi kanagwa pamwala, n'kuyamba kuthamangira kumadzi. Anakagwira ndi mwendo, osadula nyimbo. Kena kanatuluka mbali inayo. Anakapana.

"Yatha nyimboyo!" anakuwa Njiri.

"Latsala gawo la amalume."

"Mai, fulumirani," anatero Meya, mchira ukumenya pansi. "Ndikuchedwa."

Kumtunda kunali zii. Nkhanu anayamba kuganiza kuti mwina Chule wafa, madzi amupeza asanatsegule pakamwa. Amalume anatha. Analibenso wachibale woti amuimbe.

Pamenepo Chule analira. Kulira koti mbalame zinathothoka nthenga.

"Nyimbo yatha, bwana. Tsono mwini dzina amakwera pamlatho n'kufulatira, asaone dzina lake likutuluka m'kamwa mwa wina."

Nyalugwe anakwera, n'kufulatira. Njiri anagwada m'mphepete. Pogwada pomwepo madzi akuda anafika, olemera ngati phala, a thovu pamwamba, zonse za mzinda zimene zinagona m'damu muja. Nkhanu anakwera pamwala, atanyamula kamwana kamodzi m'mwamba, ena onse atawapanikiza ndi miyendo.

"Wavumata, Kapitawo?"

Njiri anaganiza msanga. Ndivumate, ndimulavulire mwanayo, kafe kakafe, bwana anyamuke asanacheuke. Anatseka maso n'kuvumata, masaya tuu. Anadzutsa mutu n'kulunjika kamwana kaja. Kanali katatambasula timiyendo, kakusekerera. Dontho limodzi lokha likanakatha.

"Bwana!" anakuwa Nkhanu. "Woimirira amameza oyambawo! Dzina si lake, ayenera kutsuka kukhosi kuti lidutse bwino!"

Mwambo umenewo anaupeka pomwepo, pamwala pomwepo. Ine ndinamuona akuupeka.

"Meza, Kapitawo," anatero Meya, akadali chifulatire. "Ndimve kuti gwi."

Njiri anayang'ana kumanzere, kuli Katumbu. Anayang'ana kumanja, kuli Katumbu yemweyo, poti mantha amachulukitsa apolisi. Misozi inatsika.

Gwi.

Abale anga! Nkhope yake, imene inali yosalala ngati ya mkwatibwi, inatuluka njerewere zikuluzikulu nthawi yomweyo. M'mimba munalira bingu loti ku Mozambiki anthu anaanula ufa. Mchira unaima njo, ndipo analiyatsa liwiro kulowa patchire. Zimene zinachitika patchirepo sindinena, koma mpaka lero sipamera udzu.

Meya anacheuka, fungo n'kumumenya mbama. Anayang'ana pansi kufuna nkhope yake m'madzi, osaipeza.

"Nkhope yanga ili kuti? Ichi n'chiyani?"

"Ndi chikho chija, bwana, chabwera chonse," anatero Nkhanu. "Tsatani kumene chikuchokera. Koma thamangani, chonde, ana akundipulumuka."

Nyalugwe anathamanga, mphuno ili m'manja, kutsata madzi akudawo mpaka pangalande. Anapeza thabwa pambali, mpanda, ndi matimati oola akuyandama m'damu. Atazindikira chimene chinkanenepetsa matimati a patebulo pake, anasanza mpaka mawanga ena anasuntha malo. Thabwa analibwezera yekha, ndi manja ake aukhondowo, n'kulamula Njovu kuti ipondereze ngalande yonse.

Kumsonkhano sanapitenso. Njiri atamutulutsa patchire, Meya anagamula.

"Sindikuchotsa ntchito. Madamu uziyang'anira ndiwe. Koma m'mawa uliwonse uzitsikira padooko, kugwada, n'kumeza oyamba, mpaka mwana womaliza wa mai awa atalandira dzina."

"Atsala angati, mai?" anafunsa Njiri ndi mawu a munthu wodwala.

"Owerengeka, a Kapitawo. Ndipo chaka chamawa kubwera ena."

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Madzi a tsiku lija anadetsanso matope, ndipo Nkhanu anakhala pamwala paja, padzuwa, osatsika. Chule ndiye ankamutungira timadzi ta mvula ta m'mphako n'kumamuthira pamsana. Nyimbo inasanduka kunong'ona. Tiana titatu tinamupulumuka tsiku la madzi akuda lija, ndipo sanationenso. Kumtunda Njiri ankapala matope m'madamu, kudzala bango, kuyendera mipope thukuta lili kamukamu, chifukwa ankadziwa kuti chimene watumiza madzulo achipeza m'mawa pakhosi pake.

Tsiku lina Chule anamira, n'kukhalitsa pansi. Kenako anavuuka, matope ali pamphuno.

"Achemwali, pansi pali matemba. Akudya."

Nkhanu anatsika pang'onopang'ono, n'kuviika mwendo umodzi, n'kunyambita. Anayang'ana kumtunda. Anachotsa chopanira pathumba. Anawo anakhuthuka ngati mapira, mtsinje n'kukwera mpaka m'mawondo mwanga, ine ndili pamlatho. Analowa m'matope, osayandama ndi mmodzi yemwe. Chule anayesa kuvomera nyimbo, koma panalibenso woitsogolera, poti mai uja anali atagona tulo pomwepo, miyendo ili m'madzi.

Mukakumana ndi njiri lero, muione: njerewere kumaso, pakudya igwada, pothawa mchira uli njo. Ndipo nkhanu siinakhulupirirenso a kumtunda. Ana imawasunga pamimba mpaka atakula, ndipo siyenda molunjika. Imayenda cham'mbali, diso limodzi lili komwe madzi akuchokera.

Yathera pompa. Kandiphulireni mbatata ija, ndipo mukati yapserera, ndidya makala omwewo, poti ine ndinadyapo mphezi yosazizira. Koma madzi omwera mundiuze kaye kumene mwatunga.